Wodwala akamenyedwa ndi wokondedwa amene sangamutchule

Tiyerekeze kuti mayi wina walowa m'chipinda chopimira odwala, dzanja lamanzere lili lotupa, pakhosi pali mikwingwirima imene wayesa kuibisa ndi kolala ya bulauzi. Wabwera ndi mayi mnzake amene wamunyamulira chikwama. Namwino akufunsa kuti, "Mwatani kodi, mayi?" Wodwalayo asanatsegule n'komwe pakamwa, mnzake uja wayankha kale: "Anaterereka m'bafa." Akanakhala mwamuna amene wayankha choncho, namwino wodziwa ntchito akanakayikira, akanamupempha kuti ayambe wadikira panja. Koma poti ndi mkazi, namwino akungoti ndi mchemwali wake kapena mnzake wapamtima, mwinanso akumuyamikira chamumtima kuti ndi munthu wachifundo. Dzanja lamangidwa, mankhwala opha ululu aperekedwa, awiriwo atuluka limodzi. Amene anapotokola dzanjalo ndi yemwe uja wanyamula chikwama.

Umu ndi mmene nkhanza zapachikondi pakati pa anthu a LGBT zimadutsira m'chipatala popanda wozizindikira. Tikamati LGBT tikunena akazi okondana ndi akazi anzawo, amuna okondana ndi amuna anzawo, anthu amene amakopeka ndi amuna ndi akazi omwe, komanso anthu otchedwa transgender, amene mmene amadzidziwira mumtima kuti ndi amuna kapena akazi zimasiyana ndi zimene zinalembedwa pa tsiku lawo lobadwa. Nkhanza zake ndi zomwezo zimene timazidziwa m'mabanja ena onse: kumenya, kugwiririra, kuopseza, kulanda ndalama, kulondalonda munthu kulikonse kumene wapita, kumudula kwa abale ndi anzake mpaka atatsala yekha. Chosiyana n'chakuti wozunzidwayo kawirikawiri sanganene za nkhanzazo popanda kuulula kaye chibwenzi chimene wakhala akuchibisa.

Anthu ambiri amaganiza kuti nkhanzazi n'zapatalipatali. Ziwerengero zimene zilipo zikutsutsa zimenezo. Bungwe la boma la America loona za matenda la CDC linachita kafukufuku wamkulu mu 2010 ndipo mu 2013 linatulutsa zotsatira zake mogawa anthu potengera amene amakondana nawo. Linafunsa ngati munthu anagwiriridwapo, kumenyedwa kapena kulondedwalondedwa ndi wokondedwa wake pa moyo wake wonse. Mwa akazi 100 aliwonse okondana ndi amuna okha, 35 anati inde. Mwa akazi okondana ndi akazi anzawo anali pafupifupi 44, ndipo mwa akazi okopeka ndi amuna ndi akazi omwe anali 61. Kwa amuna, okondana ndi akazi okha anali 29, okondana ndi amuna anzawo 26, okopeka ndi onse 37. Kafukufuku winanso wa mu 2015, amene anafunsa anthu a transgender 27,715 ku America komweko, anapeza kuti 54 mwa 100 aliwonse anachitidwapo nkhanza yamtundu wina ndi wokondedwa wawo.

Ziwerengerozi zimafunika kuziwerenga mofatsa, chifukwa ena amazipotoza n'kumati zikusonyeza kuti maubwenzi otere ndi achiwawa mwachibadwa. Funso linali lokhudza moyo wonse wa munthu, osati chibwenzi chimene ali nacho panopa. Mwa akazi okopeka ndi onse amene anazunzidwa, pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse anati amene anawazunza anali amuna okhaokha. Mwa akazi okondana ndi akazi anzawo, awiri mwa atatu aliwonse anatchula akazi okhaokha, kutanthauza kuti otsalawo anazunzidwapo ndi amuna. Chimene wazaumoyo ayenera kutolapo n'chakuti odwala amenewa amazunzidwa mofanana kapena kuposa ena, ndipo sangadziwiretu ngati wozunzayo ndi mwamuna kapena mkazi pokhapokha atafunsa.

Kufunsako ndi kumene kumavuta, chifukwa maphunziro athu onse pa nkhaniyi anamangidwa pa chithunzi chimodzi: mwamuna akumenya mkazi. Chithunzichi si chabodza. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mkazi mmodzi mwa atatu aliwonse padziko lapansi anachitidwapo nkhanza ya kumenyedwa kapena yogonana, ndipo ambiri mwa iwo anachitidwa ndi mwamuna amene ali naye pabanja kapena pachibwenzi. Malangizo a WHO a mu 2013 kwa azaumoyo analembedwa poganizira akazi amenewa. Chithunzi chotchuka cha gudumu losonyeza njira zimene wozunza amalamulira mnzake chinapangidwa ku Duluth, m'chigawo cha Minnesota ku America, m'zaka za m'ma 1980, kuchokera pa zimene anafotokoza akazi omenyedwa ndi amuna awo. Ntchito imeneyi yapulumutsa anthu osawerengeka. Koma munthu amene anaphunzitsidwa kuyang'ana mbali imodzi yokha saona chimene chikuchokera mbali ina.

Ndiye mumamva mawu ngati akuti, "Amuna awiri akamenyana ndi ndewu chabe, aliyense ali ndi mphamvu zake." Kapena akuti, "Mkazi angamupweteke bwanji mkazi mnzake?" Ena akakhulupirira kuti nkhanza ilipodi, amaloza chala amene ali wojintcha kapena amene amavala ngati mwamuna, n'kumati ameneyo ndiye womenya. Zonsezi n'zolakwika. Nkhanza yapachikondi sikulimbana kwa minofu. Ndi munthu mmodzi amene pang'onopang'ono walanda ufulu wa mnzake, mpaka mnzakeyo akamva kiyi akulowa pachitseko mtima umagunda. Munthu wamng'ono thupi angathe kuchita zimenezo kwa chimphona.

Apa ndi pamene pali chida chimene wozunza wa m'mabanja ena alibe, ndipo n'chimene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Chidacho ndi chinsinsi. Munthu amene makolo ake, abwana ake kapena anthu akumpingo kwake sadziwa kuti amakondana ndi ndani amakhala atapereka moyo wake wonse m'manja mwa wokondedwa wake, chifukwa ndi yekhayo amene akudziwa. Chikondi chikasanduka nkhanza, wozunzayo safunikanso kukweza dzanja. Amangoti, "Ukangondisiya, mawa lomwe amayi ako amva." Kapena, "Zithunzi zija ndili nazo, ndizitumiza kuntchito kwako." Ngati wozunzidwayo ali ndi ana a m'banja lakale, amauzidwa kuti bambo wa anawo akamva adzawalanda. Ngati ali ndi kachilombo ka HIV, chinsinsi chimenechonso chimalowa m'thumba lomwelo. Ndipo m'mayiko oposa 60 mmene malamulo amaletsabe kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha, wozunza amadziwa bwino lomwe kuti mnzake sangapite kupolisi, chifukwa kukadandaula n'chimodzimodzi kukadzipereka.

Anthu a transgender amakumana ndi nkhanza zina zimene wazaumoyo sangazizindikire ngati sanazimvepo. Wozunza amabisa kapena kutaya mankhwala a mahomoni amene mnzake amamwa kapena kubayitsa kuti thupi lake ligwirizane ndi mmene amadzidziwira. Amawotcha zovala zake, amamuitana dala dzina lakale pagulu, amanyoza ziwalo za thupi lake, kenaka n'kumuuza kuti, "Kupatula ine, ndani angakufune iwe?" Okopeka ndi amuna ndi akazi omwe amachitiridwa nsanje mbali zonse ziwiri: akacheza ndi mwamuna mlandu, akacheza ndi mkazi mlandu, mpaka amatsala opanda mnzake ndi mmodzi yemwe. Palinso vuto lakuti m'madera ambiri anthu a LGBT ndi ochepa ndipo onse amadziwana. Kusiya wozunza nthawi zina kumatanthauza kutaya anthu okhawo amene amakulandira mmene ulili. Ena amakhala chete poopa kuipitsa mbiri ya gulu limene likunyozedwa kale.

Katswiri wina dzina lake Ilan Meyer anafotokoza mu 2003 mmene kusalidwa, kubisala tsiku ndi tsiku ndi kuyembekezera kukanidwa kumadwalitsira maganizo a anthu amenewa. Mtolo umenewu munthu amalowa nawo m'nyumba, ndipo umachititsa kuti wozunzidwa akhulupirire msanga kuti ndi wopanda pake. Izi zikutithandiza kumvetsa, koma sizichotsa mlandu kwa womenya. Anthu ambiri osalidwa samenya okondedwa awo.

Tsono munthu wotere akafika kuchipatala amafika ali ndi mantha awiri, kuopa amene wamupweteka ndi kuopa amene akumuthandiza. Mantha achiwiriwa ali ndi maziko. Mpaka pa 17 May 1990, WHO inkawerengera kukondana kwa amuna kapena akazi okhaokha m'gulu la matenda amaganizo, ndipo inafika 2019 isanachotse nkhani ya anthu a transgender m'gulu lomwelo. Mu kafukufuku wa mu 2015 uja, munthu mmodzi mwa atatu aliwonse amene anaonana ndi wazaumoyo m'chaka chapitacho anati anachitiridwa zoipa chifukwa chokhala transgender, ndipo 23 mwa 100 aliwonse anati anadwala koma sanapite kuchipatala poopa kunyozedwa. Munthu amene anasekedwapo pawindo lolembetsera sangauze namwino chinsinsi chake chachikulu pa funso loyamba.

Kodi wazaumoyo achite chiyani? Choyamba n'chophweka ndipo sichifuna ndalama: aone wodwala aliyense payekha kwa mphindi zingapo, posayang'ana kuti wamuperekeza ndani. Akhale mwamuna, mkazi, amene akuti ndi mchimwene, amene akuti ndi mnzake wogona naye nyumba imodzi, onse adikire panja. Likakhala lamulo la aliyense, woperekezayo sakayikira. Namwino angonena mwaulemu kuti, "Pepani achemwali, gawo ili timaonana ndi wodwala yekha, tikuitanani tikamaliza." Funso la nkhanza lisafunsidwe pamaso pa munthu wina aliyense, ngakhale mwana amene wayamba kulankhula, ndipo womasulira asakhale wachibale.

Chitseko chikatsekedwa, mawu oyamba akhale okhudza chinsinsi. Wodwala auzidwe momveka zimene zitsale m'chipindamo ndi zimene lamulo la dziko lake limakakamiza wazaumoyo kukanena, mwachitsanzo pamene pali mwana amene ali pangozi. Auzidwe asanaulule kanthu, kuti asankhe yekha. Kenaka funso lenilenilo lisakhale ndi mwamuna kapena mkazi mkati mwake. Mukafunsa mayi kuti, "Amuna anu amakumenyani?" iye angathe kuyankha moona kuti ayi, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mukafunsa kuti, "Kodi pali munthu amene muli naye pachikondi panopa? Mumakhala mwamtendere? Pali nthawi imene mumamuopa?" mwamusiyira mpata woti alowe mmene angathere. Akati "mnzanga", inunso nenani "mnzanuyo". Musamukakamize kutchula dzina la chibwenzicho kapena kudzitchula kuti ndi wa gulu liti. Funso lina limene limatsegula zambiri ndi lakuti, "Kodi pali amene amakuopsezani kuti aulula za moyo wanu kwa abale kapena kuntchito?"

Akatswiri sagwirizana ngati odwala onse ayenera kufunsidwa. Gulu la ku America lotchedwa US Preventive Services Task Force lakhala likulangiza kuyambira mu 2013 kuti akazi onse amsinkhu wobereka azifunsidwa za nkhanza. WHO imati afunsidwe amene akuonetsa zizindikiro, monga mabala osagwirizana ndi nkhani imene yafotokozedwa, kukhumudwa kosatha, kusowa tulo, kumwa mowa mopitirira, matenda opatsirana pogonana obwerezabwereza. Malangizo onse awiriwa akukamba za akazi, ndiye mwamuna wokondana ndi mwamuna mnzake amagwera pakati. Ine ndikuona kuti malo amene anthu amenewa amafikako kale, monga kolandirira ma ARV, koyezetsa matenda opatsirana pogonana ndi kolandirira mahomoni, ndi oyenera kufunsa aliyense. Munthu amene wayamba kudumphadumpha ma ARV asanadzudzulidwe, afunsidwe kaye ngati pali amene amamubisira botolo.

Wodwala akaulula, nkhope ya wazaumoyo imanena zambiri kuposa pakamwa pake. Kudzidzimuka, kuseka pang'ono, kuitana mnzako wa m'chipinda china kuti adzaone, zonsezi zimatseka pakamwa pa munthu kwa zaka. Buku la WHO la mu 2014 limaphunzitsa njira yotchedwa LIVES, imene ndi kumvetsera, kufunsa zimene munthuyo akufuna, kumutsimikizira kuti wakhulupiriridwa, kuona za chitetezo chake ndi kumulumikiza ndi thandizo. Inalembedwera akazi, koma palibe mbali yake imene singagwire ntchito kwa wina aliyense. Mawu akuti "Ndakumvani, ndipo zimenezi si inu munazichititsa" ndi ofunika kwambiri kwa munthu amene wakhala akuuzidwa kuti mavuto ake ndi chilango cha mmene alili. Wazaumoyo angakhale ndi chikhulupiriro chake pa za maubwenzi otere, ndipo palibe amene akumulanda. Koma pamaso pake pali munthu wovulala, ndipo ulaliki pa nthawi imeneyo umangotsimikizira zimene wozunza ananena kale, zakuti palibe amene adzamuthandize.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza ngakhale azaumoyo amtima wabwino. Amuna awiri kapena akazi awiri okondana angathe kukhala odwala a chipatala chimodzi, kuonana ndi namwino mmodzi, ndipo onse awiri n'kunena kuti akuzunzidwa. Wozunza nthawi zina ndi amene amafika poyamba, ali ndi zokanda kumaso zimene mnzake anamukanda podziteteza. Kuwerenga mabala sikuthandiza. Chothandiza ndi kumvetsera kuti ndani akuopa, ndani wasiya ntchito, anzake ndi zokonda zake, ndani amapempha chilolezo asanatuluke, ndani amasunga foni ndi ndalama za mnzake. Wozunzidwa kawirikawiri amadziimba mlandu ndi kuikira kumbuyo mnzake, pamene wozunza amakhala ndi mndandanda wa zolakwa za mnzake. Wazaumoyo si woweruza ndipo sakuyenera kugamula tsiku lomwelo. Chimene sayenera kuchita ndi kuwaitana onse awiri kuti akambirane, kapena kuuza mmodzi zimene wanena mnzake. Zimene wozunzidwa wanena pamaso pa womuzunza amakazilipira kunyumba.

Thupi nalo lipimidwe mosamala. Aliyense amene waulula afunsidwe ngati anakanyangidwapo pakhosi, chifukwa kukanyanga nthawi zambiri sikusiya chizindikiro chooneka, koma kungavulaze mitsempha yopita ku ubongo. Mawu osasa, kuvutika kumeza, kukomoka kapena kudzikodzera pa nthawiyo ndi zizindikiro zofunika kuzitsata msanga. Kafukufuku wa mu 2008 wotsogoleredwa ndi Nancy Glass anapeza kuti akazi amene anakanyangidwapo ndi wokondedwa wawo anali pangozi yodzaphedwa yoposa ka 7 poyerekeza ndi ozunzidwa ena. Chaka chomwecho, Glass ndi anzake anakonzanso mafunso oyezera ngozi amene namwino Jacquelyn Campbell anapanga m'zaka za m'ma 1980, kuti agwire ntchito kwa akazi okondana ndi akazi anzawo. Ngati panali kugwiriridwa, mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayambidwe pasanathe maola 72 ndipo amwedwe masiku 28. Mwamuna wogwiriridwa amawafuna mofanana ndi mkazi, ngakhale kuti manyazi amamuletsa kunena. Mankhwala oletsa mimba apangozi amagwira ntchito mpaka masiku 5, ndipo mwamuna wa transgender (amene pobadwa analembedwa kuti ndi mkazi) amene ali ndi chiberekero angathe kutenga mimba ngakhale akubayitsa testosterone, chifukwa mahomoniwa si njira yolerera. Poyeza matenda opatsirana pogonana, ayezedwe malo onse amene anakhudzidwa, kukhosi ndi kumbuyo komwe, atapempha chilolezo pa sitepe iliyonse.

Zolemba nazo zingapulumutse kapena kupweteketsa. Mabala alembedwe bwinobwino, kukula kwake ndi malo ake, pamodzi ndi mawu enieni a wodwala, chifukwa tsiku lina angadzawafune kukhoti. Koma zisalembedwe pa kabuku kapena pepala limene apite nalo kunyumba, kapena pa intaneti pamene wozunza amalowa ndi nambala yachinsinsi ya mnzake. Za amene amakondana naye zilembedwe pokhapokha mwini wake atavomera, makamaka kumene kudziwika kungamuikitse m'ndende.

Chovuta kwambiri chimabwera pomaliza, pamene wazaumoyo akufuna kutumiza wodwala kumene angakathandizidwe. Nyumba zambiri zothawirako ozunzidwa zinamangidwira akazi othawa amuna. Mwamuna salandiridwa. Mkazi wa transgender, amene pobadwa analembedwa kuti ndi mwamuna, amabwezedwa pageti m'malo ambiri. Mkazi wothawa mkazi mnzake amalandiridwa, koma womuzunzayo angathe kulowa m'nyumba yomweyo podzionetsa ngati wozunzidwa. Mayiko ena ayesa kukonza zimenezi. Mu 2013 America inawonjezera mu lamulo lake lolimbana ndi nkhanza kwa akazi la Violence Against Women Act ndime yoletsa mabungwe olandira ndalama za lamuloli kusala munthu chifukwa cha amene amakondana naye kapena chifukwa chokhala transgender. Ku Britain bungwe la Galop lili ndi nambala yoimbirapo anthu a LGBT ozunzidwa, ndipo ku Boston ku America kuli bungwe lothandiza anthu omwewa la The Network/La Red. Kumene kulibe zoterezi, wazaumoyo aimbe yekha foni kaye, osatchula dzina la wodwala, afunse ngati munthu wotere angalandiridwe mwaulemu. Kumutumiza kumene akanyozedwe n'koipa kuposa kusamutumiza.

Ndipo asamuumirize kuchoka. Nthawi imene munthu akusiya womuzunza ndi imene ngozi imakula kwambiri, ndipo mwini wake ndi amene akudziwa mmene zinthu zilili kunyumba. Chimene angachitire limodzi ndi kukonzekera. Ndani mmodzi amene akudziwa kale za moyo wake ndipo angamusunge usiku umodzi? Ziphaso, ndalama pang'ono, ma ARV ndi mahomoni a masiku angapo angasungidwe kuti kunja kwa nyumba? Ngati wozunza ataululadi chinsinsi chija, ndani m'banja amene angayambe wamumvera? Funso lomalizali ndi lowawa, koma munthu amene waliganizirapo amakhala atachepetsako mphamvu ya chiopsezocho.

Mayi wa dzanja lotupa uja mwina sanena kanthu tsiku loyamba, ngakhale atafunsidwa payekha ndi mwaulemu. Angabwereze za m'bafa zomwezo, maso ali pansi. Namwino asalimbane naye. Amuuze kuti mabala otere amawaonanso kwa anthu amene akupwetekedwa ndi okondedwa awo, amuna kaya akazi, ndipo kuti m'chipinda muno angathe kudzalankhula tsiku lililonse. Kenaka amulembere tsiku loti adzabwere kudzaonetsa dzanjalo sabata yamawa, chifukwa chimenecho n'chifukwa chimene woperekeza uja sangachikane, ndipo tsikulo likadzafika adzamupemphenso kuti adikire panja.